Kanema Akatha, Ndani Amafunsa Tanthauzo Lake?

Makolo athu akamakamba nthano madzulo pamoto, sankalola kuti ana angobalalika nthano ikatha. Kalulu akapulumuka, kapena Fisi akafa ndi dyera lake, agogo ankatembenukira adzukulu nawafunsa kuti wolakwa adali yani, ndipo adalakwa pati. Kuno ku Rumphi nthano zotere timazitcha vidokoni, ndipo aliyense amene adakulira ku Hewe, ku Henga kapena kumapiri a Phoka akudziwa kuti omvera sankakhala duu: ankavomereza, ankaimba nawo, ndipo pomaliza ankatsutsana. Lero nthano zambiri zimene ana athu amamva zikuchokera m'kanema, pa lamya za m'manja, pa wailesi yakanema, ndi m'tinyumba ta vidiyo ta m'misika yathu. Kanema akatha, aliyense amanyamuka kukagona, ndipo palibe wamkulu amene amafunsa kanthu. Ife tikuti banja lachikhristu limene limaonera kanema koma osakambirana zimene laona, lapereka ana ake kwa mphunzitsi wosadziwika, nilichoka m'kalasimo.

Pali magulu awiri a Akhristu amene tifuna kutsutsana nawo. Loyamba ndi la aja amati kanema aliyense ndi msampha wa Satana, ndipo Mkhristu weniweni asamuyandikire. Lachiwiri ndi la aja amati kanema ndi zosangalatsa chabe, zotayitsa nthawi ana kuti asasokose pamene mayi akuphika. Magulu awiriwa amaoneka ngati adani, koma amagona mphasa imodzi, pakuti onse akuthawa ntchito yolemetsa yokhala pansi, kuonera, kuganiza ndi kuweruza. Woletsa zonse sadziwa chimene akuletsa, ndipo mwana wake amakaonera mobisa kwa anzake. Wolola zonse sadziwa chimene walola.

Eklezia sali kumbali ya gulu lililonse mwa awiriwa. Mu 1936 Papa Pius XI adalemba kalata yotchedwa Vigilanti Cura, yopempha aepiskopi kuti m'dziko lililonse mukhale anthu opima makanema ndi kudziwitsa Akhristu za abwino ndi oipa. Pa 4 Disembala 1963, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udatulutsa chikalata chotchedwa Inter Mirifica. M'chikalatacho Abambo a Msonkhano adavomereza kuti ngakhale kuonetsa tchimo m'sewero kungathandize munthu kudziwa bwino mtima wa munthu, malinga ngati kwachitidwa mwaulemu ndi modziletsa. Adalangizanso achinyamata kuti ayesetse kumvetsa zimene akuona, azikambirana ndi aphunzitsi awo ndi anthu odziwa, kuti aphunzire kuweruza molungama, ndipo adakumbutsa makolo kuti udindo woyang'anira zolowa m'nyumba ndi wawo. Papita zaka zoposa 60, koma m'mabanja ambiri langizo la kukambirana lija silidafikebe.

Chifukwa chake sichovuta kuchipeza. Dziko lathu lidakhala lopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999. Kumidzi, kanema ankabwera ndi galimoto ya boma kamodzikamodzi, ndipo lamulo la 1968 lidapatsa bungwe la boma mphamvu zopima, kudula ndi kuletsa makanema, mabuku ndi nyimbo. Makolo ambiri a lero adaleredwa ndi anthu amene adazolowera kuti wina, kutali ku likulu, adawasankhira kale zoti aone. Koma palibe bungwe limene lingalowe m'kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo kamene mnyamata amadzazitsa makanema pamsika. Mpanda wakale uja udagwa, ndipo mlonda amene watsala ndi bambo ndi mayi.

Kuti tisangolankhula m'malere, titenge kanema mmodzi amene ambiri a ife tamuona: The Boy Who Harnessed the Wind, amene adatuluka mu 2019. Adamukonza ndi Chiwetel Ejiofor, amenenso adasewera ngati bambo Trywell, ndipo adajambulidwa kuno ku Malawi. Nkhani yake ndi ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene adabadwa mu 1987, nasiya sukulu ya sekondale pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake adalephera kulipira fizi. Powerenga mabuku a m'laibulale, adapanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo zotayidwa, mitengo ya bulugamu ndi njinga ya bambo ake.

Kodi Amalawi ambiri adati chiyani atamuona kanemayu? Choyamba, adaseka Chichewa cha osewera ochokera kunja. Nzoona kuti katchulidwe kawo nkopotoka, ndipo nzoyenera kufunsa chifukwa chimene mbali zikuluzikulu zambiri zidapita kwa alendo, ngakhale kuti Lily Banda, mwana wa dziko lino, adasewera bwino ngati Annie, mlongo wake wa William. Koma ife a ku Rumphi, amene ambiri tidaphunzira Chichewa pabenchi ya sukulu ndipo tidasekedwapo chifukwa cha lilime lathu, tikudziwa kuti woseka katchulidwe kawirikawiri samva chimene chikunenedwa. Chachiwiri, adaomba m'manja makina atazungulira, nanena kuti Malawi watchuka. Apa pokha mpamene ambiri adalekezera, ngati munthu amene wanyambita chivundikiro nasiya ndiwo mumphika.

Pakuti kanemayu, tikamuona ndi maso a chikhulupiriro, ndi mlandu, ndipo oimbidwa mlandu akhala pampando wa oonera. Taonani mnyamata wanzeru akutulutsidwa m'kalasi pamaso pa anzake chifukwa cha ndalama. Boma lathu lino limanyadira maphunziro kuyambira pamene Robert Laws adakhazikitsa sukulu ku Khondowe mu 1894. Nanga mumphakati mwathu muli ana angati amene akhala pakhomo chaka chino, ndipo tikuwadziwa maina? Boma likhoza kuchotsa fizi, monga lidachitira ku pulaimale mu 1994, koma yunifolomu, makope, nsapato ndi chakudya cha mwana wogonera kutali zimatsalabe pamutu pa mayi wamasiye. Ngati tidalira misozi poona William akuthamangitsidwa, pamene mwana wa mnansi wathu akuweta mbuzi pa nthawi ya sukulu ife osachitapo kanthu, misozi ija idagwera pathanthwe.

Taonaninso mitengo. M'kanemamo anthu a m'mudzi akugulitsa mitengo yawo kwa a esiteti ya fodya, ngakhale mfumu yawachenjeza kuti mitengoyo ndiyo imatchinga madzi osefukira. Iwo sadali anthu oipa. Adali ndi ana ofuna chakudya ndi ngongole zofuna kubweza. Mvula itabwera yochuluka, minda idamira, ndipo pambuyo pake kudadza chilala. Alimi a fodya a ku Bolero ndi a m'chigwa cha Henga safuna womasulira kuti amve gawo limeneli. Akudziwa milimo ya zigafa kumene imachokera, ndipo akuona mapiri amene agogo awo adawasiya ali ndi nkhalango. Papa Francis, m'kalata yake Laudato Si' ya 2015, adaphunzitsa kuti kuonongeka kwa chilengedwe ndi kuvutika kwa amphawi ndi nkhani imodzi. Bambo angathe kuphunzitsa mwana wake zomwezo pa mphindi khumi, pongoimitsa kanema ndi kufunsa kuti: ukadakhala iwe, ukadasaina kapena ayi?

Taonani tsono anthu akukanganirana chimanga pamsika wa boma, ena akubwerera ndi matumba opanda kanthu. Njala ija sidadze ndi nyengo yokha. Mu 2000 ndi 2001 chimanga cha m'nkhokwe za dziko, matani oposa 160,000, chidagulitsidwa pafupifupi chonse, ndipo boma lidalengeza kuti dziko lili pangozi mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. Mwana aliyense wa katekisimu akudziwa za Yosefe amene adasunga tirigu ku Ejipito pa zaka za dzinthu kuti anthu asafe pa zaka za njala. Kuno kudachitika zosemphana ndi zimenezo. Ndipo pamene mfumu m'kanemamo iimirira pamsonkhano wa mtsogoleri wa dziko kupempha kuti anthu ake athandizidwe, ikumenyedwa. Ana athu ayenera kumva kuchokera kwa ife kuti kunena zoona kwa olamulira kuli ndi mtengo wake, ndi kuti aepiskopi athu adaulipira mtengowo pamene kalata yawo ya nyengo ya Lenti idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992.

Gawo lopweteka koposa kwa ife abambo ndi la njinga. William akupempha njinga ya bambo ake, chuma chokhacho chimene chatsala pakhomo, kuti aidule. Bambo Trywell akukwiya, akuphwanya kachitsanzo ka mwana wake, namutumiza kumunda. Sadali munthu wankhanza. Adali mlimi wanjala amene ulemu wake wonse udatsalira pa khasu ndi pa njingayo. Koma chipulumutso cha banja chidayamba tsiku limene adadzichepetsa namvera mwana. Timakonda mwambi wakuti mawu a akulu akoma akagonera, ndipo ngwoona. Tisaiwale mnzake wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ngati nzotero ndi mwana wa mnzako, nanga mwana wako amene wam'bala?

Kukambirana sikutanthauza kuyamikira zonse. M'kanemamo William akupeza mwayi wolowa m'laibulale poopseza mphunzitsi kuti aulula chibwenzi chake ndi Annie. Pambuyo pake Annie akuthawa ndi mphunzitsiyo, popanda ukwati, poganiza kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi. Wokonza kanema sakuweruza zimenezi, wazisiyira ife. Kodi cholinga chabwino chimayeretsa njira yoipa? Kodi mphunzitsi amene akopa mtsikana wa m'banja lanjala ndi mpulumutsi? Atsikana athu akafika pa funso limeneli okha, popanda mayi pafupi, adzaliyankha monga njala iwauzira. Ndipo ana adziwenso kuti kanema amakometsera: makina oyamba a William adayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake, pamene opopa madzi adadza pambuyo pake. Wophunzira kusiyanitsa mbiri ndi sewero pa kanema wabwino, sadzanyengedwa msanga ndi woipa.

Mneneri Natani, pofuna kudzudzula mfumu Davide, adamuuza nkhani ya munthu wolemera amene adalanda kamwana kankhosa ka mmphawi. Davide adapsa mtima naweruza munthu wa m'nkhaniyo kuti ayenera kufa, ndipo apo mpamene mneneri adamuuza kuti munthuyo ndi iye yemwe. Davide akadamva nkhaniyo nkungoti yakoma, kenaka nkukagona, sakadalapa. Kanema wabwino amagwira theka loyamba la ntchito ya Natani. Theka lachiwiri, loloza chala pa mtima wa woonera, ndi la kholo, la katekisti ndi la wansembe.

Alipo makanema ena a kwathu konkuno amene tingawatchule. Shemu Joyah adakonza Seasons of a Life, wonena za mtsikana wantchito ya m'nyumba amene abwana ake adam'patsa pathupi, mwana wake natengedwa, iye naphunzira zamalamulo nkubwerera kudzamenyera mwanayo m'khoti. Banja lililonse limene likusunga mwana wa mwini ngati wantchito liyenera kumuona. Mu 2012 adatulutsa The Last Fishing Boat, wonena za msodzi amene nsomba zikumuthera m'nyanja pamene ndalama za alendo odzaona malo zikusokoneza banja lake. Abale athu a ku Mlowe, ku Chiweta ndi ku Chitimba adzazindikira gombe lawo m'menemo. Mu 2017 kudabwera The Road to Sunrise, wonena za amayi awiri oyendayenda mumzinda wa Blantyre. Makanema atatuwa ngoyenera akuluakulu ndi achinyamata okhwima. Makolo ayambe awaona okha asanaitane ana, ndipo aang'ono asakhalepo. Koma amene angati Mkhristu asaone nkhani ya mkazi woyendayenda, akumbukire amene Ambuye Yesu ankadya nawo, ndi amene ankang'ung'udza poona zimenezo.

Ena adzati: tilibe magetsi, sitimva Chingerezi, ndipo tikachoka kumunda tatopa. Madandaulo amenewa ngoona, koma ana athu akuonerabe, magetsi alipo kapena palibe, ndipo akumva kudzera mwa omasulira a m'tinyumba ta vidiyo, amene nthawi zina amaonjeza nthabwala zawo zolaula pamwamba pa nkhani. Agogo athu nawonso ankachoka kumunda atatopa, ndipo nthano ankakambabe. Mwana amene amamva Chingerezi amasulire makolo ake, makolo nawo amumasulire moyo.

Nchifukwa chake tikupempha maparishi a Dayosizi ya Mzuzu, kuyambira ndi athu a kuno ku Rumphi, kuti kamodzi pamwezi, Misa itatha, holo ya parishi kapena kalasi ya sukulu itsekulidwe, pakhale kanema mmodzi wosankhidwa bwino, ndipo pasachoke munthu asanakambirane. Mafunso akhale ochepa: ndani wavutika m'nkhaniyi, ndipo wam'vutitsa ndani? Ndi chiyani chimene kanemayu akufuna kuti tichikonde, ndipo Uthenga Wabwino ukuti chiyani pa chimenecho? Kodi munthu wotere alipo m'mudzi mwathu? Funso lomalizali likayankhidwa ndi dzina, mphakati usabalalike usanagwirizane chochita. Ndipo kunyumba, usiku uno, mwana akatseka lamya yake, bambo amuitane namufunsa chimene waona, amvetsere mpaka mwanayo atamaliza, kenaka anenepo maganizo awo.