Milungu itatu ya m'chisanu: wophunzira amatolako chiyani?

Pamene kuno mvula ili pakati ndipo alimi ali kalikiliki kupalira ndi kuthira feteleza, kumpoto kwa United States kumakhala kuli chisanu chothetsa nzeru. Makoleji amatseka chapakati pa Disembala, ndipo ambiri sayambanso makalasi mpaka Januwale atapita ndithu. Ophunzira ena amapita kwawo kukapuma. Ena amatenga milungu itatu kapena inayi imeneyi n'kukagwira ntchito m'mabungwe ang'onoang'ono a m'dera lomwe muli koleji yawo: kumalo ogawira chakudya kwa osowa, kunyumba zogonamo anthu opanda pokhala, kulaibulale. Kodi nthawi yochepa chonchi ingam'patse chiyani mwana wa sukulu?

Mwambowu si wa dzulo. Bennington College ya ku Vermont, chitsegulireni mu 1932, imatumiza ophunzira ake kukagwira ntchito kunja kwa sukulu m'nyengo yozizira. Colby College ya ku Maine inayamba mu 1962 kupatula mwezi wa Januwale kuti wophunzira alimbane ndi chinthu chimodzi chokha, ndipo ku Oberlin College, ku Ohio, munthu salandira digiri asanachite ntchito ya mu Januwale katatu. Si onse amene amasankha kuthandiza anthu a m'dera, ena amachita kafukufuku, ena amaphunzira chilankhulo. Ife tikunena za awo amene amatuluka pageti la koleji n'kulowa m'tauni.

Titenge ntchito ya misonkho. Ku America anthu ambiri apantchito amayenera kudzaza mafomu a msonkho chaka ndi chaka, tsiku lomaliza nthawi zambiri limakhala 15 Epulo. Kuyambira mu 1975 kuli lamulo lakuti wolandira malipiro ochepa, makamaka amene ali ndi ana, boma limubwezere ndalama kudzera mu Earned Income Tax Credit. Koma bungwe lotolera misonkho la IRS limanena lokha kuti pa anthu asanu oyenera kulandira ndalamazi, mmodzi sazitenga. Ena sadziwa n'komwe kuti zilipo, ena mafomu amawaopsa, ndipo kulipira katswiri sangakwanitse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mphunzitsi wina wa ku Northridge m'chigawo cha California, Gary Iskowitz, anayamba kutumiza ophunzira ake a zowerengera ndalama kukathandiza anthu oterewa kwaulere. Ntchitoyi lero imadziwika kuti VITA ndipo ili m'dziko lonselo. Ophunzira ambiri amaikonzekera mu Januwale, amalemba mayeso a IRS, kenako amakhala patebulo kudikira anthu.

Amene amabwera patebulopo ndi mayi amene wagwira ntchito malo atatu m'chaka chimodzi, mapepala ake ali m'jumbo osakanikirana ndi malisiti a magetsi. Ndi bambo amene anasiyana ndi mkazi wake ndipo sakudziwa kuti mwana alembedwe pa fomu ya ndani. M'kalasi, wophunzira akalakwitsa samu amangotaya mamalikisi. Apa akalakwitsa, ndalama imene mayi uja amayembekeza kulipirira lendi ichedwa. Ndiye amaphunzira kufunsa funso lochititsa manyazi popanda kum'nyozetsa munthu, amaphunzira kufotokoza lamulo m'mawu amene wosapita kutali ndi sukulu angamve, ndipo amaphunzira kunena kuti, "Dikirani pang'ono mayi, ndifunse kaye kwa akuluakulu." Fomu iliyonse imaonedwanso ndi munthu wachiwiri isanatumizidwe, choncho mwana amene anazolowera kukhoza bwino m'kalasi amaona ntchito yake ikubwezedwa kuti akonze. Ife tikuona kuti phindu lenileni lagona pamenepa, kuposa mzere umene adzalembe pa CV.

Palinso ntchito ya usiku umodzi. M'masiku khumi omaliza a Januwale, madera a m'dzikomo amawerenga anthu ogona panja ndi m'nyumba zongoyembekezera, ndipo chiwerengerocho chimapita ku unduna woona za nyumba. Cha mu 2024 chinaposa 770,000. Wophunzira amene wayenda ndi tochi pansi pa milatho usiku wotero, n'kulankhula ndi munthu amene akugona m'galimoto pomwe masana amapita kuntchito, akadzaona nambalayo m'buku adzadziwa mmene imapezekera ndi anthu amene imawaphonya.

Koma tisakokomeze. Mlendo ndi mame, ndipo wophunzira wa milungu itatu ndi mlendo. Amene amasenza mtolo ndi wogwira ntchito wa pabungwepo, yemwe kale ali ndi zochita zambiri, kenako asiye zonse kuti aphunzitse munthu amene pomwe wayamba kugwira bwino ntchito n'kuti akutsanzika. Kumalo osamalira ana vutoli ndi lalikulu: mwana amazolowera nkhope yatsopano, kuyamba kumasuka, nkhopeyo n'kusowa. Ndiye chifukwa chake makoleji ochita zinthu mwanzeru amayamba afunsa bungwelo kuti likufuna thandizo lanji, n'kutumiza wophunzira ku ntchito imene ili ndi poyambira ndi pothera, monga kukonza kaundula wa olandira chakudya. Zabwino koposa ndi zija zokhala ngati VITA, zimene Januwale amangokhala chiyambi, wophunzira n'kumabwerabe Loweruka lililonse mpaka Epulo.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo kwenikweni. Ophunzira za udokotala ku KUHeS amapita ku Mangochi kukaphunzira za umoyo wa anthu m'midzi, ndipo aliyense amene anafunapo malo a atachimenti akudziwa mmene mabwana amafunsira ukadaulo kwa munthu amene wangotuluka kumene m'kalasi. Aliponso ana athu a ku Malawi ndi Zambia amene akuphunzira ku America, omwe tikiti ya ndege yobwerera kumudzi pa Khirisimasi sangaikwanitse. Kwa iwo ntchito zoterezi ndi njira yodziwira anthu a m'tauni imene akukhala. Koma amene ali pa viza ya F-1 ayambe afunsa ku ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja, chifukwa kuyamba ntchito popanda chilolezo kungam'tayitse viza.

Chimene chimatidandaulitsa ndi nkhani ya ndalama. Ntchito zambiri za mtunduwu sizilipira. Mwana wa munthu wopeza bwino amakwanitsa kugwira ntchito yaulere mwezi wathunthu, pomwe mnzake wosauka ayenera kukagulitsa m'sitolo patchuthi kuti apeze ya mabuku. Akamaliza sukulu, woyamba uja ali ndi kalata yom'chitira umboni, wachiwiri alibe. Lamulo la Federal Work-Study, thumba la boma lolipirira ophunzira ogwira ntchito, limakakamiza makoleji kuika ndalama zosachepera 7 pa 100 iliyonse ya thumbalo ku ntchito zothandiza anthu a m'dera, ndipo makoleji ena amapereka kangachepe kwa ophunzira opita ku ntchito zosalipira, koma si onse ofuna amene amafikiridwa. Koleji imene ikutumiza ophunzira kumudzi kapena m'tauni, kaya ili ku Ohio kaya ku Zomba, iwalipirire thiransipoti ndi chakudya, ndiponso isatseke zipinda zogona pamene ana ake akadali pantchito.