WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Pa 16 Seputembala 1977, mumzinda wa Zurich ku Switzerland, Dr. Andreas Grüntzig adalowetsa kachubu kokhala ndi kabaluni kunsonga mu mtsempha wa mtima wa munthu wodwala, nafufumitsa kabaluniko, ndipo njira ya magazi imene idali itachepa idatseguka popanda kung'amba chifuwa. M'chaka cha 1986 madokotala a ku Toulouse ndi ku Lausanne adayamba kusiya m'mitsemphamo kachitsulo kolukana ngati mono, kotchedwa stent, kuti mtsempha usatsekekenso. Ichi ndi chimodzi mwa zithandizo zimene Amalawi odwala mtima amapitira ku India ndi ku South Africa, ndipo palibe mwana wa dziko lino amene safuna kuti chizipezeka pafupi ndi kwathu. Koma ife tikuti: wofuna makina aakulu afunenso mavuto ake.

Mtsempha wa mtima ndi waung'ono, mamilimita 2 mpaka 4 m'mimba mwake, ndipo waya amene dokotala amatsogoza m'menemo sakwana ngakhale theka la milimita. Mwa anthu okalamba ndi odwala shuga, mtsemphawu umakonda kuuma ndi kukhotakhota. Pamalo otere stent imatha kuvuka pa kabaluni isanafike pamene imapita. Waya amatha kukodwa kapena kuduka. Kabaluni kamatha kuphulika, kapena kukana kuphwa n'kutsekereza magazi. Izi sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika mtima sudikira kalata yochokera ku Likulu.

Dokotala wophunzitsidwa bwino sakoka mwamphamvu, pakuti kukoka kumang'amba mtsempha. Stent ikavuka koma ikadali pa waya, iye amasunga wayayo pamalo pake, nalowetsa kabaluni kena kakang'ono kupyola m'kati mwa stent, nakafufumitsa kutsogolo kwake ndi kukokera zonse pang'onopang'ono. Zikakanika amatenga kachingwe kachitsulo kokhala ngati khwekhwe, nakola nako chotayikacho. Nthawi zina nzeru ndi kuileka kuitulutsa: amaifutukulira pomwepo, kapena kuikanikizira kukhoma la mtsempha ndi stent inzake. Mtsempha ukabooka, magazi amadzaza m'thumba lokuta mtima ndi kuufinya. Pamenepo pafunika kabaluni kotseka pobookapo, stent yokutidwa, ndi singano yochotsera magaziwo. Zonse zikalephereka, wodwala amathamangira naye ku opaleshoni. Grüntzig mwini, ngakhale adali katswiri, adagwira ntchito yake yoyamba ija madokotala a opaleshoni ali chire.

Nanga izi zikukhudza bwanji kalaliki wa muofesi? Zikumukhudza kwambiri. Khwekhwe uja, stent yokutidwa ija, ndi zipangizo zimene zingakhale m'kabati chaka chathunthu osagwiritsidwa ntchito, kufikira tsiku lake lothera mphamvu litakwana. Munthu wosadziwa, poona mndandanda wa zogula ndalama zitachepa, amayamba kufufuta zomwezo nati n'kuwononga chuma cha Boma. Kumeneko si kusamala chuma ayi. Ndi chimodzimodzi kugula galimoto la ambulansi n'kukana kugula tayala lapadera. Wogula zipangizo afunse kaye madokotala ndi anamwino asanagwire cholembera, wosunga katundu awerenge masiku olembedwa pa mapaketi, ndipo woyang'anira jenereta adziwe kuti magetsi akazima waya ali mumtima, dokotala saonanso kanthu pa makina ounikira.

Palinso khalidwe lina limene tiyenera kulidzudzula poyera, lobisa chipangizo chikalephera poopa kudzudzulidwa ndi akuluakulu. Stent zina zoyambirira madokotala ankazimangirira okha pa kabaluni ndi zala, ndipo zinkavuka kawirikawiri kuposa lero. Chifukwa anthu adanena zoona za vutolo, opanga adayamba kuzimangiriratu ku fakitale. Mkulu wolanga wantchito wake chifukwa choulula cholakwika akulera ngozi ya mawa.

Tikupempha atsogoleri a Chipani m'nthambi, m'madera, m'maboma ndi m'zigawo kuti polankhula za chitukuko cha zipatala asamangotchula nyumba ndi makina. Pamsonkhano uliwonse wokambirana za ndalama za umoyo, afunse ngati maphunziro a madokotala, anamwino ndi amisiri okonza makina alembedwamo, ndiponso ngati zipangizo zopulumutsira wodwala pangozi zili pa mndandanda womwewo ndi makinawo.