ZA UMOYO M'BANJA: Diripi Ilibe Mkute

Ambiri a ife tinagonapo pa simenti m'chipatala podikirira wodwala. Kuno kwa Kaomba, pachipatala chachikulu cha Kasungu pamabwera anthu ochokera kutali m'maesiteti a fodya, ndipo mtima wa gadiyani umakhala pansi akaona diripi yapachikidwa. Diripi yapulumutsadi anthu ochuluka odwala kolera ndi amayi pobereka. Koma ikasungidwa itatsegulidwa kale, imatha kupha.

Chakudya chimadzera m'mimba, m'mene tizirombo tambiri timafera. Khungu nalo ndi mpanda wa thupi. Diripi imalumpha zonsezi ndi kulowa mumtsempha, choncho kachirombo kali m'madzimo kamafika m'magazi popanda chokatchinga. Thumba losabowola limachokera ku fakitale lopanda kachirombo. Likangobowoledwa ndi singano kapena kuthiridwa mankhwala, khomo latseguka. Madzi ena a diripi ali ndi shuga, ndipo tizirombo monga Klebsiella timaswana bwino m'menemo, makamaka pa kutentha konga kwa ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota mwezi wa Okutobala. Choopsa n'chakuti madziwo amaonekabe mbee, ngakhale tizirombo titachuluka.

Izi zinachitikapo. M'chaka cha 2005, makanda 22 anamwalira pachipatala cha Mahatma Gandhi Memorial ku Durban, m'dziko la South Africa. Ofufuza anapeza Klebsiella m'madzi a shuga a diripi, amene botolo limodzi ankatungamo mobwerezabwereza kupatsa ana angapo. Ku Banjul m'dziko la Gambia, mu 2016, makanda ambiri anadwala pachipatala chachikulu cha kumeneko, ndipo tizirombo tinapezeka m'madzi a diripi ndi m'mankhwala osungunula kale.

Tisafulumire kunyoza anamwino. Namwino mmodzi amatha kutsala yekha usiku ndi wodi yonse, zipangizo zili zoperewera. Kukonzeratu madiripi madzulo kumaoneka ngati nzeru, kutaya madzi otsala kumaoneka ngati kusakaza. Koma malangizo a zaumoyo ndi omveka: mankhwala asakanizidwe nthawi yopereka itakwana, m'manja muli mosamba ndipo pachotsekera papukutidwa ndi sipiriti, thumba limodzi likhale la wodwala mmodzi, singano isasiyidwe yobaya pabotolo, pathumba palembedwe tsiku ndi nthawi. Nsima ya dzulo timadya mkute, koma diripi ilibe mkute.

Nanga ife magadiyani tichitepo chiyani?

Choyamba, tidekhe. Ambiri timakalipa namwino akachedwa ndi diripi, osadziwa kuti phuma lathu ndi limene limalimbikitsa kukonzeratu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri, tisagwire. Tisatsegule kapena kutseka kagudumu ka diripi, tisachotse kapaipi popita ndi wodwala kuchimbudzi, ndipo pamene pali singano pasanyowe pomusambitsa. Kapaipi kakagwa pansi tisabwezeretse tokha, tiitane anamwino.

Chachitatu, tiyang'anitsitse. Wodwala akayamba kunjenjemera kapena kutentha thupi diripi itangoikidwa, pamkono pakatupa, pakafiira kapena kutuluka mafinya, khanda likasiya kuyamwa kapena kuzizira thupi, tinene nthawi yomweyo. Tisadikire kuti kuche poganiza kuti ndi malungo chabe.

Chachinayi, tifunse mwaulemu. Palibe cholakwa kunena kuti, "Pepani anamwino, kodi thumbali latsegulidwa liti?" Namwino wodziwa ntchito yake sakwiya ndi funso lotere. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndipo ife amene tili m'makomiti a zipatala m'madera mwathu, tizikumbutsa akuluakulu za sopo, madzi ndi sipiriti m'mawodi a ana, chifukwa popanda izi ngakhale namwino wosamala amasowa pogwira.

Allah achiritse odwala athu ndi kupatsa mphamvu onse owasamalira. Tidzakumananso m'kope likudzalo, Insha Allah.