ZA PA KHONDE: Munthu Wofunsa Zimene Zinafunsidwa Kale



Mwezi uno tikambe mlandu umene umabuka pali ponse pamene anthu asonkhana cifukwa ca nchito imene aikonda, kaya ndi kuumba mbiya, kuluka madengu, kuweta nkhunda kapena kuweta njuci. Mlandu wace ndi uwu: wophunzira watsopano afika, nafunsa funso limene akale analiyankha dzulo, dzana ndi caka catha. Wina mwa akalewo ayankha mokalipa, nati, "Kodi zimenezi sitinanene kale?" Wina angoseka. Wofunsa uja acita manyazi, nabwerera kwao wosadziwa kanthu, ndipo tsiku lina akadzaona cobvuta sadzafunsanso. Ife titenge citsanzo ca oweta njuci, pakuti kumeneko mafunso amabwera amodzimodzi caka ndi caka, monga mvula ibwera pa nyengo yace.

Tisafulumire kutsutsa akale okha. Munthu amene wakhala zaka 20 ali kuweta njuci ali ndi zace zimene afuna kukambirana ndi anzace a msinkhu wace. Akakhala pansi kuti ayambe nkhani yozama, pomwepo mnyamata afunsa kuti, "Kodi njuci ikakuluma umatani?" Lero wayankha, mawa wina afunsanso comweco, mkuja winanso. Kutopa kwace nkoona. Komatu tikumbukire cinthu cimodzi: funso limene lakalamba m'makutu a woyankha, pakamwa pa wofunsa liri latsopano. Iye ali kufunsa koyamba, ndipo mng'oma umene uli pa mtengo kuseri kwa nyumba yace ndi umodzi wokha. Makolo anati, safunsa anadya phula. Nanga ngati ife tomwe titseka pakamwa pa wofunsa, phula limene adzadyelo wamdyetsa ndani?

Tamvani za munthu wina wa ku America, dzina lace C. C. Miller, amene anabadwa caka ca 1831, namwalira 1920. Iye anaphunzira udokotala, koma mbiri yace inamveka cifukwa ca njuci. Anakhala ku Marengo, m'dera la Illinois. Ciyambi cace cinali cacing'ono: caka ca 1861 khamu la njuci linafika pa mudzi pao iye ali pa ulendo, ndipo mkazi wace analikola, naliika mu mbiya ya matabwa imene munali suga. Miller pa nthawi imeneyo sanadziwe kanthu za njuci, ndipo m'zaka zoyamba anataya ming'oma yambiri ndi cisanu. Atakula m'nchitoyi anayamba kuyankha mafunso a anthu m'nyuzi ya oweta njuci yochedwa American Bee Journal, imene inayamba caka ca 1861. Anayankha zaka zambiri kufikira ukalamba wace, ndipo mafunso ambiri anali a oyamba kumene, obwera mobwereza. Caka ca 1917 Maurice G. Dadant anasonkhanitsa mayankho ace m'buku limodzi lochedwa A Thousand Answers to Beekeeping Questions, ndiko kunena mayankho 1,000. Miller anadziwikanso ndi khalidwe ili, lakuti cinthu cikamkanika sanacite manyazi kubvomera poyera kuti sacidziwa.

Panali winanso, A. I. Root wa ku Medina m'dera la Ohio. Iye polemba za njuci anadzicha dzina lakuti Novice, ndiko kunena woyamba kumene, ndipo dzinalo analisunga ngakhale atayambitsa nyuzi yaceyace caka ca 1873. Pofika caka ca 1879 anali atatulutsa buku lochedwa ABC of Bee Culture, m'mene nkhani zonse anaziika m'ndondomeko ya malemba, kuti wophunzira apeze yekha yankho lace msanga. Bukulo linasindikizidwa kambirimbiri pambuyo pace.

Anthu awiriwa atiphunzitsa njira ziwiri zimene ziyenera kuyendera pamodzi. Yoyamba ndi kuyankha munthu ali yense mofatsa. Yaciwiri ndi kusunga mayankho pa malo amodzi, kuti woyankha asatope ndi kuyamba pa ciyambi tsiku ndi tsiku.

Tsono taonani mafunso amene woyamba ali yense amafunsa, ndi cimene cimatayika akapanda kuyankhidwa.

Loyamba: "Ndinapacika mng'oma, koma njuci sizilowa." Yankho lace ndi lalifupi. Pakani phula m'kati mwa mng'oma, pakuti fungo lace limaitana njuci. Uikeni pa mthunzi, kufupi ndi madzi, ndipo muziuyendera kucotsamo akangaude ndi abuluzi. Kenaka dekhani kufikira nyengo imene makamu a njuci ayenda. Wosauzidwa zimenezi adikira miyezi ingapo, nagwa mphwayi, nasandutsa mng'oma nkhuni.

Laciwiri: "Njuci zanga zacoka." Apa woyankha acenjere, pakuti mau amodzimodziwa anena zinthu ziwiri. Ngati zacoka zina, zina nkutsala, ndiye kuti mtundu wacuruka ndipo wagawikana: mfumukazi yakale yapita ndi gulu lace, ndipo zotsalazo ziri kulera mfumukazi yatsopano. Mfumukazi imatenga masiku 16 kucokera pa dzira kufikira kutuluka, njuci ya nchito masiku 21, yamphongo masiku 24. Mwini wace angodikira, osabvundula mng'oma. Koma ngati zacoka zonse, mng'oma nkutsala pululu, ndiye kuti cina cazisautsa: kaya linthumbu, kaya ciuli, kaya mvula yodontha, kaya dzuwa, kaya njala ndi ludzu, kaya mwini yemwe amene anafula zisa zonse osazisiyirako. Cifukwa cace munthu wonena kuti "funso ili ndinayankha kale" kawirikawiri amanama osadziwa, pakuti dzulo anayankha za kugawikana, ndipo lero afunsidwa za linthumbu.

Lacitatu: "Uci ndifule liti?" Timadzi ta m'maluwa timafika mu mng'oma tiri ndi madzi ambiri. Njuci zimatiumitsa pokupiza mapiko ao, ndipo uci ukakhwima zimatseka zibowo za cisa ndi phula. Uci wokhwima uli ndi madzi monga magawo 18 pa 100. Madzi akapitirira magawo 20 uci umasasa m'botolo. Fulani zisa zotsekedwa zokha, zimene muli ana muzisiye. Wosafunsa afula zonse pamodzi, nafinya uci ndi ana omwe, ndipo pa msika palibe amene agula kawiri kwa iye.

Lacinai: "Ikandiluma nditani?" Njuci ya nchito ikaluma munthu imasiya mbola pa khungu, ndipo iyo imafa. Mbolayo icotseni msanga poipala ndi cikhadabo, ndi kufukizapo utsi, cifukwa pa malo olumidwa pamatuluka fungo loitana zinzace. Kutupa pang'ono nkwa masiku onse. Koma munthu akayamba kubanika, kutupa kukhosi kapena kucita cizungulire, muthamange naye kucipatala nthawi yomweyo, pakuti imeneyo ndi ngozi ya moyo. Ndipo amai amvetse icinso: mwana wosakwana miyezi 12 asapatsidwe uci, ngakhale pang'ono, cifukwa mu uci mumatha kukhala tizirombo timene mimba ya khanda siingathe kulimbana nato. Funso limene ena aliyesa lacibwana, taonani, lingathe kupulumutsa munthu.

Lacisanu: "Bwanji njuci zimata zonse pamodzi, kotero kuti sindingathe kutulutsa cisa osaciswa?" Limeneli linasautsa oweta njuci zaka zosawerengeka. Caka ca 1851 L. L. Langstroth wa ku Philadelphia anazindikira kuti njuci zimasiya mpata woyendamo wa mamilimita 6 kufikira 9. Mpata ukacepa zimautseka ndi utomoni, ukakula zimamangamo cisa. Pa nzeru imeneyi anapanga mng'oma wa zisa zotulutsika, umene ufala m'maiko ambiri. Momwemonso mng'oma wa timatabwa ta pamwamba: kwa njuci za kuno ku Africa kathabwa kali konse kakhale mamilimita 32 m'mimba mwace. Mmisiri akaceka 40 poyesa kuti palibe kanthu, njuci zidzamanga zisa mopingasa, ndipo matabwa onse adzamatana. Funso la woyamba ndi funso la katswiri nthawi zina ndi limodzi, kusiyana kwace nkwakuti katswiri analeka kudabwa.

Nanga akale acite ciani kuti asatope, ndiponso kuti asaingitse ophunzira? Tipereke malangizo asanu.

1. Gulani kabuku kamodzi ka gulu lonse. Wodziwa kulemba alembemo mafunso obwera kawirikawiri ndi mayankho ace, m'mau apafupi. Watsopano akafika amwerengere, kapena awerenge yekha. Koma kabukuko kasakhale ndodo yomenyera wofunsa. Kunena kuti "kawerenge" ndi kumtembenukira msana sikuyankha ai. Tsegulani naye tsamba, ndi kumfunsa pambuyo pace ngati wamva.

2. Patulani tsiku la ophunzira, monga kamodzi pa mwezi, pamene funso liri lonse liloledwa ndipo kuseka kuletsedwa. Masiku enawo akale akambe zao momasuka.

3. Woyankha mafunso apafupi akhale wophunzira wa caka catha. Iye akumbukirabe pamene panamsokoneza, ndipo poyankha nzeru yace ikhazikika. Wamkulu angokhala pambali kuti akonze polakwika. Mutu umodzi susenza denga.

4. Musanayankhe, funsani: mng'oma uli pati, njuci zinalowa liti, waona ciani pa khomo pace? Ndipo kumene kuli kotheka pitani naye ku mng'oma, pakuti cimene maso aona kamodzi ciposa cimene makutu amva kakhumi.

5. Cimene simucidziwa, nenani kuti simucidziwa, monga anacitira Miller. Yankho lopeka liononga koposa kukhala cete, cifukwa wophunzira adzalikhulupirira, nadzaliphunzitsanso ena.

Ndipo inu ophunzira, musayese kuti mlandu uli kwa akale okha. Musanapite kukafunsa, yambani mwakhala pafupi ndi mng'oma wanu ndi kupenyetsetsa. Musanene cabe kuti "njuci zanga sizili bwino," koma nenani zimene mwaona: kuti ziri kulowa ndi mungu ku miyendo kapena ai, kuti pansi pali zakufa, kuti pa mtengo pali mzere wa nyerere. Mukapatsidwa yankho lisungeni, kuti musafunse munthu mmodzi cinthu comweco katatu. Musafike pa nthawi imene mkulu ali ndi mng'oma wotsegula m'manja. Ndipo mukayesa zimene anakuuzani, bwererani mukamuuze mmene zinathera, ngakhale zitakanika. Palibe cimene citsitsimutsa mphunzitsi koposa kumva kuti mau ace sanagwe pa thanthwe. Ndipo kabotolo ka uci woyamba kakafika pa khomo pace, sadzatopa nanu.

Tilingalire bwino cimene ciri pa ciswe. Mnyamata wokanidwa saleka kufuna uci. Iye adzapita usiku ndi muuni wa udzu, nadzatentha njuci ndi ana omwe, ndipo mwina moto udzalowa m'thengo. Adzasenda khungwa la mtengo kuzungulira thunthu lonse kuti apange mng'oma, mtengo nkuuma, osadziwa kuti maluwa a mtengo womwewo ndiwo cakudya ca njuci. Kutayika kumeneku sikugwera iye yekha, kugwera mudzi wonse, ndi akale omwe amene anamseka, pakuti njuci zao zimadya m'nkhalango yomweyo. Ndiponso nchito iri yonse ya manja imakhala ndi moyo pokhapokha ngati alipo atsopano oilandira. Gulu limene mulibe wofunsa za ciyambi ndi gulu limene liri kutha, ngakhale eni ace ayesa kuti apeza mtendere.

Inu atate ndi amai, zimenezi ziyambire pa nyumba. Mwana akafunsa kacitatu mmene amangira mfundo ya msampha, kapena mmene aonera kuti mbiya yapsa, musamuuze kuti ndi wogontha. Muonetseninso, ndipo kacinai mumuuze kuti aonetse mng'ono wace. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye. Ndipo wofunsa wa lero ndiye adzafula uci pamene miyendo yanu idzakana kukwera mtengo.

Tsalani bwino, abale. Mwezi wa mawa tidzakamba za kasungidwe ka phula, limene ambiri amalitaya kudzala osadziwa kuti ndi cuma.