Tsiku la chionetsero pasukulu likhale la ana, osati la mlendo wolemekezeka

AMkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu yokondedwayi kuti ndilankhule ndi makolo anzanga, aphunzitsi aakulu, makomiti a sukulu ndi atsogoleri a mipingo pa nkhani ya tsiku la chionetsero, lija sukulu zathu za pulaimale zimatiitana kuti tikaone zimene ana akuphunzira.

Tonse tikudziwa m'mene tsikuli limayendera. Mwambo wa 8 koloko umayamba 11 koloko chifukwa mlendo wolemekezeka wachedwa, ana ali padzuwa. Kenaka pemphero, kwaya, chimtali, malankhulidwe osatha, ndipo mwana mmodzi wochangamuka amalakatula ndakatulo ya Chingerezi yomwe adamulembera aphunzitsi. Ife timawomba m'manja chonsecho sitidatolepo kanthu. Alendo akadya mpunga wa nkhuku, umene tidasonkhera ife tomwe, basi mwambo watha. Magule ndilibe nawo mlandu, aMkonzi. Koma kodi pamenepa taona chiyani chimene mwana wapeza ndi mutu wake?

Pempho langa ndi ili. Teremu ikamayamba, ana a Sitandade 5, 6 ndi 7 agawidwe m'magulu, gulu lililonse lisankhe funso limodzi lokhudza mudzi wawo, lifufuze lokha. Tsiku la chionetsero likafika, anawo aime pambali pa ntchito yawo, atiuze zimene apeza m'chiyankhulo chimene agogo awo angamve, ife tiwafunse mafunso.

Mafunso otere sasowa ndipo salira ndalama. Tengani nkhani ya mbewu. Chaka ndi chaka alipo alimi amene amadzala chimanga chosunga okha kapena chogula kwa mavenda, n'kudzazindikira mvula itapita kale kuti theka silidamere. Ana angathe kutenga njere 100 kuchokera kwa mabanja angapo, kuziyala pa chiguduli chonyowa, kumathirira kwa sabata imodzi, kenaka n'kuwerenga zomera. Zikamera 60, ndiye kuti pa njere 100 zilizonse 40 n'zakufa, ndipo mwini mbewuyo adziwiratu asanapite nayo kumunda. Mwana amene wachita zimenezi maperesenti sadzawaiwalanso, chifukwa wawawerenga ndi zala zake, ndipo bambo ake apindula nawo chaka chomwecho.

Gulu lina liphike madzi ofanana pa mafuwa atatu ndi pa chitetezo mbaula, liyerekeze nkhuni zimene zapsa. Lina lisunge chimanga m'mabotolo, china chothira phulusa china chosathira, lione kumene anankafumbwe achuluka. Lina lizungulire minda kuwerenga mapesi ogwidwa ndi ntchemberezandonda, mbozi zimene zidatisautsa kwambiri mu 2017. Ena akakhale pansi ndi nkhalamba za m'mudzi, alembe kumene mudzi wawo udachokera ndi mitengo imene idali m'mbali mwa mtsinje isanathe.

Aphunzitsi ena adzati nthawi palibe, kalasi imodzi ana oposa 100, silabasi ikudikira, mayeso a MANEB ali pakhomo. Ndikuwamvetsa. Chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, pamene ana adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, aphunzitsi athu sadapumepo. N'chifukwa chake a Sitandade 8 ndawasiya kuti alimbane ndi mayeso awo, ndipo ndikunena za kamodzi pachaka. Komanso si chinthu chachilendo chimene ndikupempha. Ku Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akuphunzitsa aphunzitsi njira ya TALULAR, yophunzitsa ndi zipangizo zopezeka pamalo pomwepo. Chimene chimachitika n'chakuti zipangizozo amapanga ndi aphunzitsi, n'kuzikhoma kukhoma, mwana ntchito yake kungoyang'ana.

Tisaiwalenso kuti ana ambiri amene amalemba mayeso a Sitandade 8 sapeza malo ku sekondale. Amabwerera kumudzi kuno. Zoloweza pamtima zija zimauluka chaka chisanathe, koma amene adazolowera kuyesa chinthu asanachikhulupirire savutika kumuzindikira wogulitsa mbewu yopaka utoto.

Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ambiri tidaimva. Atasiya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2002, adabwereka buku m'kalaibulale ka kwawo n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakutha, mapaipi ndi mitengo ya bulugama. Ali mkati mopanga, anthu ankati wachita misala. Padapita zaka zinayi, mpaka 2006, kuti nyuzipepala ilembe za iye. Lero tikumunyadira chifukwa kudatuluka kanema wa mbiri yake mu 2019, koma ndi angati a ife amene tikadaima n'kumufunsa zimene ankapanga pamene ankatoleza zitsulo kudzala? Timakonda kunena kuti safunsa adadya phula, koma mwana akafunsa kawiri timati ndi wamwano.

Pali zinthu ziwiri zimene zingaononge chionetsero chotere. Choyamba ndi aphunzitsi kapena makolo kuwapangira ana ntchitoyo pofuna kuti sukulu ioneke bwino, ana n'kungoloweza mawu. Zimenezi zimadziwika msanga: mufunseni mwanayo funso limodzi losakhala pa pepala, muona akuyang'ana kwa aphunzitsi. Chachiwiri ndi kubisa zimene zakanika. Ngati phulusa silidathandize, ana anene choncho poyera, asawakakamize kulemba zimene buku lanena. Mphotho nayonso isamangopita kwa amene ajambula tchati chokongola.

Kwa inu abusa, ansembe ndi mashehe: sukulu zambiri m'dziko muno eni ake ndi mipingo, ndipo mawu anu paguwa amafika kumene kalata ya ahedi siifika. Lengezani tsikuli monga mumalengezera za chopereka cha masika. Kumene makalasi ndi operewera, bwerekani ana holo kapena khonde la tchalitchi. Ndipo mukabwera musakhale pa mipando ya kutsogolo kudikira kutseka ndi pemphero. Yendani gulu ndi gulu, mufunse kuti, "Mwadziwa bwanji zimenezi?"

Alangizi a maphunziro m'mazoni atithandize posankha tsiku labwino, tikatha kukolola, lisakhale la msika. Makomiti asatisonkhetse za nkhuku chaka chino. Ngati pali chosonkha, tigule mapepala, zolembera ndi marula.

Kholo lokhudzidwa,
Dedza.