Luso la LaMelo Ball sitikukana, nanga akakolo?

Aliyense wa kabaza pa boma la Mwanza amaidziwa njinga yamoto yooneka bwino, yothamanga ngati mphepo pa msewu wa ku Zobue, koma yokhalira kwa makaniko. Funsani mwini wake ngati imabweza ndalama. Ndi mmene ndimamuonera LaMelo Ball, guard wa Charlotte Hornets mu ligi ya basketball ya NBA, amene timathera bandulo kuonera timavidiyo take pa TikTok.

Mnyamatayu ndi dolo, zimenezo tisatsutsane. Anali wosewera watsopano wopambana onse mu 2021, ndipo mu 2022 anasankhidwa kusewera nawo All-Star. Mu July 2023 Hornets inamupatsa kontirakiti ya zaka 5 yomwe ikanatha kufika madola 260 miliyoni. Chonsecho mu sizoni yomwe inali itangotha anasewera magemu 36 okha mwa 82, ndipo mu February anali atathyoka kakolo. Sizoni yotsatira anasewera 22. Ina ija, 47.

Anzanga okonda LaMelo amati timu ngati Charlotte singakope akatswiri otchuka, ndiye ikapeza wake iyenera kumugwira zolimba. Mfundoyi ndi yomveka. Kenako amathamangira kwa Stephen Curry, ati nayenso ankavutika ndi akakolo koma taonani lero.

Apa ndiye amadziwombera okha. Curry atasewera magemu 26 okha mwa 66 mu sizoni ya 2011-12, Golden State Warriors sinamukhuthulire thumba lonse ayi. Inamupatsa madola 44 miliyoni pa zaka 4, mtengo woganizira akakolo akewo. Iye anachira, n'kukhala MVP mu 2015 ndi 2016. Ndipo poti NBA ili ndi malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera, zotsalazo zinathandiza kuti Kevin Durant akwanemo mu 2016. Akanapanda kuchira, timu ikanaluza, koma osati mpaka kugwada.

Vuto ndi loti mu NBA makontirakiti ambiri amalipiridwa onse, kaya munthu akusewera kaya wakhala pa benchi atavala jekete yodula. A Chicago Bulls anazilawa ndi mkulu wake wa LaMelo yemweyo, Lonzo: madola 80 miliyoni mu 2021, magemu 35, kenako bondo linamukhazika pansi kuyambira January 2022 mpaka October 2024.

Sindikunena kuti wosewera wovulalavulala atayidwe, kuvulala sachita kufuna. Ndikanakhala bwana wa Hornets ndikanamusunga LaMelo, koma pa zaka zochepa, ndipo gawo lina la ndalamazo likanadalira magemu amene wasewera. Philadelphia inachitapo zofanana ndi Joel Embiid mu 2017, poika m'kontirakiti ndime zoiteteza ngati mavuto ake akale a phazi ndi msana atabwereranso. LaMelo akanakana, ndikanamvetsera matimu ena kuti akupereka chiyani.