Mwezi ukasokonekera tisathamangire kuweruza

Pepani makolo anga, mafumu, abusa ndi ansembe, lero ndikamba pagulu nkhani imene mwambo wathu udaisiyira anankungwi kutsimba. Ndachita izi kaamba ka makalata amene akufika pa tsamba lino ndi funso limodzi: kodi mayi kapena mtsikana akamasamba modumphadumpha, mwezi uno waona, wamawa osaona, ndiye kuti walakwa kapena wadwala? Yankho langa ndi lakuti kawirikawiri sanalakwe ndipo sakudwala. Komabe pali zizindikiro zina zimene munthu akazibisa amafa nazo. Vuto lathu m'midzimu ndi lakuti timasokosa pa zosaopsa, n'kukhala chete pa zoopsa.

Poyamba tiphunzire kuwerenga. Ambiri tidamva kuti mwezi wa mayi ndi masiku 28, motero wosiyana ndi pamenepo timamuyesa wodwala. Si choncho ayi. Kuwerenga kumayamba tsiku loyamba kuona magazi mpaka tsiku loyamba la msambo wotsatira, ndipo kwa mayi wamkulu mpata wa masiku 21 mpaka 35 ndi wabwinobwino. Kusiyana kwa masiku ochepa mwezi ndi mwezi si matenda. Msambo umabwera patatha pafupifupi masabata awiri dzira litakhwima n'kutuluka, tsono dzira likachedwa nawonso msambo umachedwa. Njala ya m'dzinja, kuwonda kwambiri, matenda aakulu monga TB, ngakhale nkhawa ya maliro kapena ya mayeso, zonsezi zimatha kuchedwetsa dziralo.

Amene amazunzika kwambiri ndi kusadziwa kwathu ndi namwali wongotha msinkhu kumene. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira thupi lake limakhala lisanakhazikike, ndipo mpata wa masiku 45 si wachilendo. Koma kwathu kuno akangodumphitsa mwezi, azakhali amuunjikira kuseri kwa nyumba kuti atchule mnyamata, nkhani ifika kwa akulu a mpingo, ndipo Lamulungu lotsatira sakuonekanso mu kwaya. Mwana woopsezedwa chotere, ngakhale alibe pathupi, amakamwa zitsamba zowawa kapena mapiritsi ambiri nthawi imodzi kuti mwezi ubwerere, ndipo zoterezi zimatha kumupha. Chonsecho kuchipatala kuyeza mkodzo kumapereka yankho m'mphindi zochepa. Ngati alibe pathupi, tamunamizira pachabe. Ngati ali napo, afunika kuyamba sikelo msanga, osati bwalo.

Amayi apabanja nawonso ali ndi yawo. Mayi woyamwitsa angakhale miyezi yambiri osasamba, ndipo palibe cholakwika. Chenjezo ndi lakuti dzira limatha kutuluka msambo usanabwerere. Kuyamwitsa kumateteza ku mimba ina pokhapokha mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndiponso mayi asanayambirenso kusamba.

Za jakisoni wolera wa miyezi itatu ndiye mabodza ndi ambiri. Amati magazi osatulukawo amaunjikana m'mimba n'kusanduka chotupa. Zoona zake ndi zakuti jakisoniyu amaletsa dzira kutuluka ndipo m'kati mwa chiberekero simukhuthala, choncho palibe chounjikana. Amayi ambiri obayitsa amadontha pang'onopang'ono miyezi yoyamba, kenako msambo umatha kusiya. Akaleka kubayitsa pamatha kupita miyezi ingapo, mwinanso chaka, asanaime, koma umenewu si uchumba. Abambo amvetse bwino pamenepa asanayambe kukayikira akazi awo kapena kuthamangira kwa ankhoswe.

Mabanja amene amalera powerenga masiku, monga mipingo ina imaphunzitsira, adziwe kuti njira ya mikanda idapangidwira mayi amene mwezi wake umakhala pakati pa masiku 26 ndi 32. Ngati mweziwo uli wodumphadumpha, mikanda siyodalirika, ndipo afunse alangizi za njira ina yogwirizana ndi chikhulupiriro chawo.

Mayi akamafika zaka 45 mpaka 55 msambo umayamba kutalikirana mpaka kutheratu. Timati wasiya kusamba akatha miyezi 12 yathunthu osaona kanthu, ndipo nthawiyi isanakwane angathe kuimabe.

Tsopano ndifike pa zimene timabisa. Mayi athamangire kuchipatala ngati wadumphitsa mwezi kenako wamva kupweteka koopsa mbali imodzi ya chinena ndi chizungulire, chifukwa mwina mimba yakhala kunja kwa chiberekero, ndipo imeneyo siidikira kuti kuche. Apitenso ngati akutaya magazi masiku opitirira 7, kapena ochuluka moti nsalu ikunyowa ola lililonse, pakuti mapeto ake ndi kuchepa magazi. Chimodzimodzi amene watha miyezi itatu osasamba pomwe alibe pathupi, sakuyamwitsa ndipo sali pa njira yolera, komanso mtsikana amene wakwana zaka 15 asanathe msinkhu. Zoterezi nthawi zina zimachokera ku chithokomiro kapena ku timadzi ta m'thupi tolamulira mazira, ndipo chithandizo chilipo.

Choopsa koposa ndi magazi otuluka pakati pa mwezi, otuluka mukatha kukhala malo amodzi m'banja, kapena obwerera kwa mayi amene adasiya kale kusamba. Agogo akaona magazi asanene kuti utsikana wabwerera, ndipo asanamizire mnansi kuti wawalodza. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri pa dziko lonse. Komatu khansayi imayamba pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo anamwino amatha kuona chiyambi chake popaka viniga pa khomo la chiberekero n'kuchiza isanakule. Amayi a zaka 25 mpaka 49 amalimbikitsidwa kukayezetsa ngakhale sakumva kupweteka. M'chaka cha 2019 boma lidayambitsanso katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9, woteteza ku kachilombo koyambitsa khansayi. Anzathu a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo adziwenso kuti likodzo limatha kufika ku ziwalo zoberekera n'kumatulutsa magazi, ndipo mankhwala ake alipo.

Inu abusa ndi ansembe mumalalikira za mayi uja wa pa Marko 5 amene adataya magazi zaka 12. Amayi otere akhala pa mabenchi anu Lamulungu lililonse, ndipo manyazi awatseka pakamwa. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Sindikupempha kuti nkhaniyi ikwere pa guwa. Ndikupempha kuti amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika ndi a m'miphakati aziitana namwino kapena mlangizi wa zaumoyo pa misonkhano yawo, anankungwi ali pomwepo. Ndikupemphanso kuti mtsikana asaimitsidwe mu mpingo chifukwa cha mphekesera ya mwezi wodumpha.

Kwa amayi ndi atsikana, kalendala ili pakhomayo ikuthandizeni. Lembani kamtanda pa tsiku loyamba la msambo uliwonse, ndipo mukapita kuchipatala mukanene masiku enieni, osati zongoganizira. Abambo, mayi akapempha ndalama ya ulendo wa kuchipatala pa nkhani imeneyi, perekani osafunsa zambiri. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ife a m'nyumba tisamamutsekere panja.

Mkonzi